Chiseyeye sichidya anthu onse mofanana

Mu 1970 katswiri wa mano wa ku Norway, Harald Löe, ndi anzake anapita m'minda ya tiyi ku Sri Lanka. Anasankha amuna 480 othyola tiyi, anthu amene sankagwira mswachi ndiponso anali asanaonedwepo ndi dokotala wa mano. Kwa zaka 15 ankabwerako kukayeza nkhama zawo, dzino ndi dzino.

Litsiro la m'mano linali ponseponse, ndipo pafupifupi onse nkhama zawo zinali zotupa. Koma mathero ake anasiyana. Pa amuna 100 alionse, 8 chiseyeye chinawadya mofulumira moti pofika zaka 45 m'kamwa munalibe dzino. Ena 81 chinkawadya pang'onopang'ono. Otsala 11 aja matendawa anangothera pa kutupa, fupa logwira mano osakhudzidwa. Ine zimandipweteka kuti amunawa ankangoyezedwa mano akuguluka, koma zimene anatiphunzitsa n'zazikulu: anthu odya zofanana, okhala m'midzi yofanana, osatsuka mano onsewo, sadwala mofanana.

Tizilombo ta m'litsiro ndi timene timayambitsa nkhondo, koma wogumula nyumba nthawi zambiri ndi thupi lenilenilo. Asilikali a m'magazi akathamangira ku nkhama amatulutsa timadzi todula minofu kuti adutse. Kwa anthu ena nkhondoyo siizirala, timadzi tija timapitirira mpaka kudya ulusi womanga dzino ku fupa. Dzino limayamba kugwedera lopanda bowo n'komwe, ndipo kawirikawiri popanda ululu. N'chifukwa chake ambiri amafika kuchipatala kwatsala kuzula basi. Lipoti la World Health Organization la 2022 linati anthu oposa 1 biliyoni ali ndi chiseyeye chofika poipa.

Funso la ofufuza lero n'lakuti, kodi tingamudziwe bwanji munthu wa m'gulu la anthu 8 lija mano ake akadali olimba? Ku yunivesite ya Helsinki, Timo Sorsa watha zaka zambiri akufufuza timadzi tina totchedwa MMP-8, ndipo pali kachipangizo koyezera timadzito m'madzi amene munthu wachukucha m'kamwa. Ena anayang'ana ku mtundu wa makolo: mu 1997 Kenneth Kornman analoza jini ya IL-1, koma kafukufuku wa pambuyo pake sanagwirizane chimodzi.

Zizindikiro zimene zapirira mayeso n'zodziwika kale kwa tonse. Akatswiri a ku America ndi ku Ulaya atakumana ku Chicago mu 2017 kuti akonzenso kagawidwe ka matendawa, anaika zinthu ziwiri zokweza munthu kupita m'gulu loopsa: kusuta ndudu 10 kapena kuposerapo pa tsiku, ndi matenda a shuga pamene muyezo wa shuga m'magazi wotchedwa HbA1c wafika 7 peresenti. Fodya ali ndi chinyengo china. Amafinya timitsempha ta m'nkhama, ndiye wosuta saona magazi potsuka mano, n'kumaganiza kuti ali bwino.

Za shuga ndiye zimakokana mbali ziwiri. Löe yemweyo mu 1993 anatcha chiseyeye vuto lachisanu ndi chimodzi lobwera ndi shuga. Shuga akakwera nkhama zimachedwa kupola, ndipo nkhama zikakhala zotupa shuga amavuta kutsika. Gulu la Cochrane litaunika kafukufuku wambiri mu 2022, linapeza kuti kupala litsiro louma pansi pa nkhama kumatsitsa HbA1c ndi 0.43 peresenti pakatha miyezi itatu kapena inayi. Chiwerengerocho chikuoneka chochepa, koma dokotala wa shuga sangachinyoze, makamaka poti chabwera popanda piritsi loonjezera.

Kuno ku Malawi, kumene maphunziro a madokotala a mano anayamba mu 2019 mothandizana ndi yunivesite ya Glasgow, kachipangizo ka ku Helsinki sikafika msanga pachipatala cha kumudzi. Choyezera shuga ndiye chilipo kale m'zipatala zambiri. Wamkulu amene malovu ake amatuluka ofiira akatsuka mano, kapena dzino likumugwedera asanagwe kapena kumenyedwa, asangozulitsa n'kubwerera kunyumba. Apemphe kuti amuyezenso shuga tsiku lomwelo, ndipo amene ali kale pa mankhwala a shuga akaonetse nkhama zake kwa a mano.