Mabuleki amadandaula asanafe

Nyengo yokolola ikafika ku Angónia ndi ku Tsangano, magalimoto sagona. Tambala woyamba akamalira, mapikapu ndi malole amakhala atasenza kale matumba a mbatata ya kachewere, nyemba, kabichi ndi chimanga, eni katundu atakhala pamwamba pa matumbawo, ulendo wa ku Tete. Asananyamuke, dalaivala amayeza oyilo, amathira madzi mu rediyeta, ndi kumenya matayala ndi phazi. Koma ndi owerengeka amene amatsegula kabotolo kakang'ono ka mafuta a mabuleki, kamene kamakhala kumbuyo kwa injini, mbali ya chiwongolero.

Chonsecho ulendowu ndi wotsika. Ulongwe ili pamwamba kuposa mzinda wa Tete ndi mamita opitirira 1,000, ndipo galimoto yodzera ku Mussacama ndi Moatize imatsika mtunda wonsewo katundu ali pamsana. Pachitunda injini ikalephera, anthu amadumpha n'kuika miyala kumatayala. Pamatsitso mabuleki akalephera, nthawi yotola mwala palibe.

Mdani wamkulu wa mabuleki ndi kutentha. Galimoto imaima chifukwa cha kukhulana kwa zitsulo: kutsogolo mapadi amapana chimbale, kumbuyo nsapato zimakhula mkati mwa dilamu. Dalaivala akamatsika phiri lonse phazi lili pa buleki, moto umenewu umafika mpaka ku mafuta a m'mapaipi. Mafuta a DOT 3 akakhala atsopano sawira asanafike madigiri 205. Koma mafutawa amamwa chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono, ndipo akakhalitsa amatha kuwira pa madigiri 140 okha. Akawira mumalowa nthunzi m'mapaipi, phazi limangopita mpaka pansi ngati waponda thonje. Chozizwitsa n'chakuti galimoto ikazizira buleki imabwerera bwinobwino, tsono anthu amayamba kunena kuti pamalopo pali mizimu kapena wina wachita kaduka. Ayi ndithu, ndi mafuta amene anayenera kusinthidwa kalekale. Opanga magalimoto ambiri amati azisinthidwa pakatha zaka 2.

Mankhwala a matsitso ndi giya. Madalaivala akale amati giya imene wakwerera phiri ndi yomwenso utsikire, kuti injini izigwira galimoto, buleki izingothandizira mwa apo ndi apo. Koma kaamba ka kudula kwa mafuta, ena amachotsa giya kuti galimoto izingoyenda yokha, ena amazimitsa ndi injini yomwe. Uku ndi kusewera ndi miyoyo ya anthu. Injini ikazima, chipangizo chimene chimafewetsa buleki chimasiya kugwira ntchito munthu akangoponda kawiri kapena katatu, kenaka buleki imauma gwa ngati mwala. Liwiro nalonso lili ndi masamu ake: likawirikiza kawiri, mtunda umene galimoto imayenda isanaime umawirikiza kanayi.

Amakaniko amanena kuti buleki siifa isanadandaule. Kulira kwa tswii poponda ndiye kuti mapadi akutha, ndipo akatsala mamilimita 3 ayenera kuchotsedwa, mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Kukayamba kumveka kukukuta, ndiye kuti chitsulo chikudya chitsulo chinzake, apa mwini galimoto adzagula ndi chimbale chomwe. Galimoto yokokera mbali imodzi poima ili ndi tayala limene silikugwira, kawirikawiri chifukwa mafuta adonthera pa nsapato. Buleki yofuna kupopa kangapo isanagwire ili ndi mpweya m'mapaipi, kapena nsapato zake zatalikirana ndi dilamu. Yoopsa kwambiri ndi ija yakuti munthu akaponda n'kugwira, phazi limanka litsika lokha pang'onopang'ono. Imeneyo ndiye kuti timalabala ta m'pampu yaikulu tatha, kapena paipi yabooka penapake. Kuyesa zimenezi sikulira ndalama: kuponda mwamphamvu kwa theka la mphindi galimoto ili chiimire, ndi kusuzumira mkati mwa matayala ngati muli chinyezi cha mafuta.

Vuto ndi njira zachidule zimene zinazolowereka masiku amene zipangizo zinali zosowa, nkhondo itangotha mu 1992, ndipo ena sanazisiyebe. Mafuta akatha panjira, wina amasungunula sopo wa ufa m'madzi n'kuthira m'kabotolo kaja. Buleki imagwiradi, galimoto n'kufika kunyumba. Koma madzi amawira pa madigiri 100, kuno kumapiri asanafike n'komwe pamenepo, ndipo amadyetsa dzimbiri mkati mwa pampu. Wina amathira oyilo wa injini kapena mafuta ophikira, amene amatupitsa timalabala tonse. Palinso amene tayala limodzi likamadontha, amapinda paipi yake kapena kukhomamo msomali, galimoto n'kumayenda ndi mabuleki atatu, anthu makumi awiri ali pamwamba. Kuthira madzi pa dilamu yotentha nakonso kumaipinditsa, mwinanso kuing'alula kumene. Yofunika ndi kuima pambali, kudikira izizire yokha.

M'miseu ya fumbi ya ku Macanga ndi ku Tsangano, nthawi ya dzinja imabweretsa zake. Galimoto ikawoloka mtsinje madilamu amanyowa ndipo sagwira kwa kanthawi. Dalaivala wodziwa ntchito amayenda pang'onopang'ono akuponda buleki mopepuka mpaka iume. Wa lole ya mabuleki a mpweya sanyamuka geji isanakwere, ndipo amakhetsa madzi a m'matanki tsiku lililonse. Iyeyu kupopapopa buleki pamatsitso n'kutaya mpweya umene akanaimira.

Zikavuta ndithu pa galimoto yaing'ono, dalaivala apope buleki msangamsanga, atsitse magiya imodziimodzi, ndi kukoka buleki ya pamanja pang'onopang'ono chala chili pa batani. Kuikoka kamodzin'kamodzi kumamanga matayala a kumbuyo, galimoto n'kutembenuka.

Kuyambira mu 2010, lamulo la dziko lino limafuna kuti magalimoto azipita kokayezedwa, ndipo mabuleki ndi chimodzi mwa zimene amayeza. Koma chipepala chimanena za tsiku limene galimoto inayezedwa, osati za lero. Wokwera amene ali pamwamba pa matumba ake ali ndi mphuno ndi maso: fungo lopserera lochokera kumatayala pamatsitso, bondo la dalaivala likukwera ndi kutsika pa siteji iliyonse. Ndipo pali chizindikiro china chimene ngakhale gogo amene sanagwirepo chiwongolero amachidziwa: mnyamata wothandiza dalaivala amene amadumpha galimoto isanaime, chipika chili m'manja, kuthamangira kutayala la kumbuyo.