Kodi Chojambula pa Kompyuta N'luso Lenileni?

Nkhani yathu ya lero ikuchokera ku Milonde, m'boma la Mulanje, mmunsi mwa phiri lalikulu lija, koma funso limene tikuti tilisinkhesinkhe likukhudza maboma onse. Funsolo ndi ili: kodi chithunzi chimene munthu wajambula pa kompyuta kapena pa foni ya m'manja tingachitche luso lenileni, monga momwe timatchulira ntchito ya wosema mtengo, woumba mbiya, woluka mkeka ndi wojambula ndi penti?

Ena anganene kuti imeneyi ndi nkhani yocheza chabe, komatu m'kati mwake muli nsima ya anthu. Pamalo a malonda onga pa Milonde, kale mwini golosale, mwini tiyirumu kapena wometa tsitsi akafuna chikwangwani ankaitana mmisiri wa burashi, amene ankabwera ndi zitini zake za penti n'kulemba pakhoma. Masiku ano ambiri amangotumiza mawu pa foni kwa mnyamata wodziwa kompyuta, ndipo pakapita masiku owerengeka chinsalu cha pulasitiki chosindikizidwa ndi makina chimakhala chitapachikidwa pakhonde. Mmisiri wa burashi uja akudandaula kuti walandidwa ntchito ndi ana osadziwa ngakhale kusakaniza penti. Mnyamata uja naye akudandaula kuti anthu amamulipira mwachipongwe, ati pakuti agwira ntchitoyo ndi makina. Palinso kholo limene likuona mwana wake akukhalira kukanda galasi la foni ndi chala, n'kumadzifunsa ngati mwanayo akuphunzira ntchito kapena akungotaya nthawi. Anthu atatu amenewa afunika yankho.

Tiyambe tabwerera m'mbuyo. M'mapiri a Chongoni, m'boma la Dedza, muli mapanga ndi matanthwe okwana 127 pamene pali zithunzi zakalekale, ndipo bungwe la UNESCO linaika malowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2006. Zithunzi zofiira za kumeneko anajambula ndi Akafula, alenje aja amene makolo athu anawapeza m'dziko muno. Zoyera anajambula ndi Achewa pambuyo pake ndi dothi loyera, pophunzitsa mwambo wa chinamwali ndi wa gule. Amisiri amenewo analibe pepala, analibe pensulo, ndipo kawirikawiri chala ndicho chinali burashi yawo. Tsono taganizani, mmodzi wa iwo atauka lero n'kupeza mwana wa sukulu akujambula ndi pensulo, nafafaniza ndi labala pamene walakwitsa, kodi sakananena kuti mwanayu akuba mayeso? Pensulo, burashi, penti wa m'chitini ndi tchizulo ya kusitolo zinafika kuno ngati alendo, koma lero tikuziyesa zathu. Paja akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Ku Mua, m'boma lomwelo la Dedza, wansembe wochokera ku Canada, Bambo Claude Boucher, anayambitsa malo ophunzitsirako luso a Kungoni mu 1976. Kumeneko osema anayamba kusema nkhani za m'Baibulo ndi nkhope ndi zovala za anthu a kuno kwathu, zimene agogo awo sanasemepo. Panthawiyo chinali chinthu chachilendo, koma lero mlendo akafunsa kumene angaone luso la Chimalawi timamulozera ku Mua komweko. Apa tikuona kuti chimene timachitcha luso la makolo chakhala chikulandira zida zatsopano ndi nkhani zatsopano m'mibadwo yonse.

Nako ku Ulaya mkangano wotere unachitikapo. Mu 1839, mumzinda wa Paris, anthu anauzidwa za njira ya Louis Daguerre yojambulira zithunzi ndi kamera. Patapita zaka makumi awiri, mu 1859, mlakatuli wotchuka wa ku France, Charles Baudelaire, analemba motsutsa kuti kamera iyenera kukhala wantchito chabe wa luso ndi sayansi, isayerekeze kukhala pampando wa amisiri. Lero nyumba zikuluzikulu zosungiramo za luso padziko lapansi zimasunga zithunzi za kamera pambali pa za penti. Chimene anthu anazindikira n'chakuti kamera imodzimodziyo m'manja mwa anthu awiri imatulutsa zithunzi zosiyana, pakuti wina amadziwa poima, nthawi yodikira kuwala ndi chimene ayenera kusiya kunja kwa chithunzi, pamene mnzake amangodina.

Nanga kujambula pa kompyuta kumachitika bwanji? Galasi la foni kapena la kompyuta lili ndi timadontho ting'onoting'ono tambirimbiri, kotero kuti chithunzi cha timadontho 1,000 m'litali ndi 1,000 m'lifupi chimakhala ndi timadontho 1,000,000. Kadontho kalikonse kamapatsidwa mtundu wake posakaniza kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu, ndipo makinawo amasunga muyeso wa mitundu itatuyo m'manambala. Wojambula akayendetsa chala kapena cholembera chake pagalasipo, makina amasintha mtundu wa timadontho tonse timene cholemberacho chadutsapo. Ntchito ya makina yathera pamenepo. Kumene mzere upite, kukula kwa mphuno, kugwa kwa mthunzi wa mtengo ndi chisoni kapena chimwemwe cha pankhope, zonsezi amalamula ndi munthu. Amene satha kujambula dzanja la munthu papepala sangathenso kulijambula pagalasi.

Tisabise, makinawa amapeputsa ntchito ina. Wojambula akalakwitsa angathe kubweza mzere umene walemba osasiya chipsera, pamene wosema akadula mphuno ya chosema chake, mtengo wonse wapita. Angathenso kujambula mbali za chithunzi pazigawo zosanjikizana ngati mapepala oonekera, phiri pachigawo chake, munthu pachigawo chake, n'kusuntha chimodzi popanda kuononga chinzake. Penti samuthera, ndiponso sadikira kuti aume. Koma kupepuka kwa chida sikuchotsa luso, monganso telala wa makina osokera sitimuyesa wochepa kwa wosoka ndi singano ya m'manja. Timayang'ana ngati malaya akhala bwino pathupi.

Ntchito imeneyi siinayambe dzulo. Mu 1965, mumzinda wa Stuttgart ku Germany, Georg Nees ndi Frieder Nake anaonetsa anthu zithunzi zojambulidwa ndi kompyuta, ndipo pulogalamu yotchuka ya Photoshop inatuluka mu 1990. Mmisiri wa ku England, David Hockney, yemwe anabadwa mu 1937 natchuka ndi burashi kwa zaka zambiri, anayamba kujambula pa iPad mu 2010 ali nkhalamba. Zenera la magalasi amitundumitundu limene linaikidwa m'tchalitchi cha Westminster Abbey ku London mu 2018 analijambula iye pa iPad, amisiri a magalasi n'kulipanga ndi manja. Mu 2021 chithunzi cha pa kompyuta cha Mike Winkelmann wa ku America, wodziwika ndi dzina loti Beeple, chinagulidwa pamtengo wa madola 69 miliyoni. Mtengo wa chinthu si umboni wa kukoma kwake, koma achinyamata amve ichi: chithunzicho chinali msonkhano wa zithunzi 5,000 zimene iye anajambula, chimodzi tsiku lililonse, kuyambira mu 2007.

Komabe pali kusiyana kwenikweni kumene tiyenera kukuvomereza. Choyamba, mbiya ndi imodzi, ndipo pamimba pake pamakhala chizindikiro cha chala cha mayi amene anaiumba ndi cha nkhulungo imene anaisalazira. Chithunzi cha pa kompyuta chingachulukitsidwe kambirimbiri, chilichonse chofanana ndendende ndi choyamba, motero n'chosavuta kuba. Chachiwiri, zithunzi za ku Chongoni zapirira dzuwa ndi mvula kwa mibadwomibadwo, koma ntchito ya chaka chathunthu ya mnyamata ingathe kuzimirira tsiku limodzi foni ikagwera m'madzi kapena ikabedwa. Chachitatu, dongo lili kudambo ndipo mlaza uli kuthengo, pamene foni yabwino, magetsi oitchajira ndi intaneti zimafuna ndalama zimene mabanja ambiri a kumudzi alibe. Kusiyana konseku n'koona, koma kukunena za kasungidwe, kagulitsidwe ndi kapezedwe ka zida. Sikukutsutsa kuti wojambulayo ndi mmisiri.

Pamene pafunika kudekha ndi pa makina atsopano otchedwa AI. Amenewa munthu amangowalembera mawu, mwachitsanzo akuti akufuna mayi wosenza mtsuko mmunsi mwa phiri, ndipo mwa kamphindi chithunzi chatuluka popanda iye kulemba mzere ngakhale umodzi. Makinawa anaphunzitsidwa ndi zithunzi miyandamiyanda za amisiri ena, kawirikawiri eni ake osapemphedwa. Mu 2022 Jason Allen anapambana mpikisano wa zojambula ku Colorado, m'dziko la America, ndi chithunzi chopangidwa ndi makina a Midjourney, ndipo amisiri ambiri anakwiya. Mu 2023 ofesi yoona za umwini wa ntchito za luso m'dzikomo inakana kulemba chithunzicho m'kaundula wake, ponena kuti gawo lalikulu la ntchitoyo silinachokere kwa munthu. Apa ndiye pali malire. Wojambula ndi chala pagalasi ali ngati mmisiri amene wasintha nkhwangwa, koma wongolembera makina mawu ali ngati munthu amene wapita kwa mmisiri kukaoda mpando. Wooda mpando angakhale ndi maganizo abwino, koma sitimutcha kalipentala.

Chomwecho muyeso umene tingaugwiritse ntchito ndi umodzi pa mbiya, pa chosema ndi pa chithunzi cha pa foni. Tifunse kuti anasankha ndani mzere uliwonse ndi mtundu uliwonse, anaona chiyani chimene ife tinachidutsa osachiona, ndipo akudziwa chiyani za chimene wajambulacho. Titenge gule wa Tchopa wa Alhomwe, amene UNESCO inamuika m'kaundula wake mu 2014. Mwana wa ku Milonde amene wakula akumva ng'oma zake amadziwa kaimidwe ka ovina ndi katundu amene amabereka kumsana, zikopa, zidole, zida za kumunda ndi za uzimba. Akajambula zimenezo pa foni, agogo ake adzazindikira gule wawo. Makina ongolemberedwa mawu angatulutse chithunzi chonyezimira, koma zovala ndi ng'oma zikhale za dziko lina. Paja chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Tinenenso kuti mdani wamkulu wa luso la manja ku Mulanje si kompyuta ayi. Mkungudza wa m'phiri la Mulanje, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, ndi umene osema a ku Likhubula anatchuka nawo popanga timabokosi tonunkhira ndi ndodo zoyendera. Chifukwa cha kudula mosasamala ndi moto wolusa, ofufuza mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha m'phiri lonselo. Mbande zambiri zabzalidwa kuyambira pamenepo, koma mtengowu umatenga zaka zambiri kuti ukhwime. Phirilo linalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2025, ndipo tsono maso a dziko lapansi ali pa ilo. Woluka akasowa mlaza, wosema akasowa mtengo, ndiponso onsewa akasowa mwana wowaphunzira, luso lawo lidzatha ngakhale kukanakhala kulibe foni ndi imodzi yomwe.

Tsono tiwayankhe anthu atatu aja. Inu bambo wa burashi, diso lanu lodziwa kutalikirana kwa zilembo ndi mitundu imene imaoneka patali ndi chuma chimene mnyamata uja akuchisowa. Mutengeni akhale wophunzira wanu, nayenso akuonetseni makinawo, ndipo musaiwale kuti khoma lonse la sukulu kapena la tchalitchi lidzafunabe dzanja lanu. Iwe mnyamata wa kompyuta, yamba ndi pensulo, ukhale pansi pa mapazi a osema ndi oumba, ujambule anthu ndi mapiri a kwanu. Usunge ntchito yako malo awiri, ulembe dzina lako pa chithunzi chilichonse, ndipo udziwe kuti lamulo la dziko lino la mu 2016 loteteza umwini wa ntchito za luso likukuteteza nawenso. Bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, lilipo kuti likulangize. Ukagwiritsa ntchito makina a AI, unene poyera kwa wogula. Inu makolo, musalande foni musanaone chimene mwana akujambula. Mpatseni pepala ndi pensulo kuti akujambuleni inuyo, ndipo mukaizindikira nkhope yanu, dziwani kuti muli ndi mmisiri pakhomo. Mumlimbikitse monga mukanachitira akanasankha ukalipentala pa sukulu ya ntchito zamanja ya ku Milonde.

Ndipo inu nonse ogula, kaya mwaoda chikwangwani cha penti kaya cha makina, kaya mwagula mbiya pamsika, lipirani mtengo woyenera, pakuti mukulipira zaka zimene munthuyo anatha akuphunzira.