GALU WOLONDERA PAKHOMO: NDI UTI ANGAPIRIRE KUTENTHA KWA KU KARONGA?



Ambiri mwa ife tinakula tikumva kuti Msilamu ndi galu sayenderana. Koma munthu amene anaberedwapo mbuzi usiku, kapena anapeza usipa wake utachepa pathandala m'mawa, amafunsa funso lina: kodi chipembedzo chikundiletseratu kukhala ndi mlonda wamiyendo inayi? Yankho la maulama ndi lakuti sichikuletseratu. M'mahadisi a Bukhari ndi Muslim tikuphunzira kuti wosunga galu popanda chifukwa sawabu zake zimachepa tsiku ndi tsiku, koma galu wolondera ziweto, wolondera munda ndi wosakira nyama anapatulidwa. Imam Nawawi, mmodzi wa akuluakulu a madhihabu a Shafi omwe ambiri kuno timatsatira, anaona kuti galu wolondera nyumba alinso m'gulu lomweli. Ndime 4 ya Sura Al-Maida nayo ikutchula nyama zophunzitsidwa kusaka.

Tsono chilolezochi chili ndi malire ake, ndipo malirewo ndi amene ayenera kutitsogolera posankha mtundu wa galu. Kwa ife malovu a galu ndi najisi yaikulu; chiwiya chimene wanyambita chimatsukidwa kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi. Choncho galu wa Msilamu sagona pabalaza pamene timayala mkeka wa swala. Moyo wake wonse ndi wa panja. Azungu amene amaweta agalu a ubweya wambiri m'maiko otentha amawalowetsa m'nyumba zozizira masana. Ife sititero. Galu amene tamusankha adzakumana yekha ndi dzuwa la October ku Chilumba, ndi chinyontho cha March ku Kaporo pamene mvula ikugwa mosalekeza ndipo mitsinje ya Songwe, Lufilya ndi North Rukuru yadzaza.

Tiyenera kudziwa momwe Allah analengera thupi la galu. Munthu akatenthedwa amatuluka thukuta thupi lonse. Galu thukuta lake ndi lochepa kwambiri, limatuluka kumapazi basi. Amadziziziritsa potulutsa lilime ndi kupuma wefuwefu, kuti madzi a palilime ndi a kukhosi aziuma n'kuchotsa kutentha. Mpweya ukakhala wouma, njirayi imagwira bwino ntchito. Koma kunyanja kuno, m'miyezi ya dzinja, mpweya umakhala utakhuta kale madzi, ndiye malovu sauma msanga. Galu amangowefuka osazizira. Thupi la galu wathanzi limakhala pa madigiri 38 kapena 39. Likapitirira 41, ubongo, impso ndi chiwindi zimayamba kuonongeka, ndipo akhoza kufa tsiku lomwelo.

N'chifukwa chake agalu amphuno zophwatalala monga Bulldog ndi Pug sayenera kubwera kuno ndi pang'ono pomwe. Njira yao ya mpweya ndi yopanikizika chibadwire, ndipo ngakhale kwao ku Ulaya amakomoka nyengo yotentha. Husky kwao ndi ku Siberia kokokera katundu pachipale. Kumusunga ku Ngara n'chimodzimodzi kuveka mwana bulangete masana a November. German Shepherd, amene ambiri amati galu wapolisi, ndi wanzeru zedi ndipo ku Mzuzu kapena ku Livingstonia kozizira amakhala bwino. Koma ali ndi ubweya wa mizere iwiri, ndipo m'chigwa muno ubweyawo umasunga chinyontho, umabisa nkhupakupa, n'kuyambitsa zilonda zapakhungu.

Anyamata athu obwera ku Joni amakonda kutamanda Boerboel. Inde, ubweya wake ndi waufupi ndipo anachokera ku South Africa. Koma thupi lake ndi lalikulu, wamphongo amatha kuposa makilogalamu 60, ndipo thupi lalikulu limachedwa kuzizira. Amadya monga munthu wamkulu wogwira ntchito yakumunda. Milomo yake ndi yolendewera, moti dovu limagwera paliponse: pakhonde, pandowa, pachitenje cha mayi. Banja losamala twahara liganizire kawiri. Komanso galu wamphamvu chotere akapanda kuphunzitsidwa, ana a madrasa odutsa pakhomo ndiwo amakhala pangozi. Rhodesian Ridgeback, amene malamulo a mtundu wake analembedwa ku Bulawayo m'chaka cha 1922, ndiye wapafupi mwa agalu amaina, chifukwa ndi wowonda, wa ubweya waufupi, ndipo m'magazi mwake muli agalu akale a kumwera kwa Africa. Vuto ndi kumupeza weniweni ndi kumudyetsa.

Maganizo anga ndi akuti galu woyenera Karonga ali kale ku Karonga. Ndi galu wachikuda uja timamunyoza, wofiirira, wa mphuno yaitali, wa miyendo yowonda ndi mchira wopindika. Akatswiri a ku South Africa anamupatsa dzina loti Africanis, ndipo m'chaka cha 1998 anakhazikitsa bungwe loteteza mtundu wake, ataona kuti si galu wosakanizika chisawawa koma mtundu wakale womwe wakhala ndi alimi ndi abusa a ng'ombe kwa zaka mazana ambiri. Sanasankhidwe ndi munthu wofuna kukongola. Anasankhidwa ndi dzuwa, njala ndi matenda, ndipo otsalawo ndi opirira. Taonani momwe amachitira masana: amakumba kadzenje pansi pa mtengo wa mango, n'kugona pa dothi lozizira mpaka dzuwa litapendeka. Usiku ndiye amadzuka, nthawi yomwe mwini nyumba akumufuna. Matenda a nkhupakupa amene amagwetsa msanga agalu obwera, iye kawirikawiri amalimbana nao. Nsima yotsala, madeya ophika ndi mitu ya usipa zimamukwanira, ngakhale kuti nsima yokha si chakudya cha galu.

Palinso mfundo ya fikihi imene ambiri saidziwa. M'madhihabu a Shafi kugulitsa galu n'kosaloledwa, chifukwa Mtumiki (SAW) analetsa mtengo wa galu. A Hanafi amalola. Agalu amainawa amagulidwa ndi ndalama zambiri ku Lilongwe kapena kutsidya kwa Songwe. Kagalu kachikuda, mnansi wako amakupatsa ulere, mwinanso akuthokoza kuti wamuchepetsera pakamwa.

Posankha, pitani mukaone mayi wa tiana. Ngati ndi wolusa mopanda nzeru, woluma aliyense, musatenge. Sankhani kagalu ka maso owala, kosatupa mimba, ka ubweya wowala osati wakuda bii, pakuti chakuda chimakoka dzuwa. Kasachoke kwa make kasanakwane miyezi iwiri.

Akafika pakhomo, mmangireni kakhumbi kofolera ndi udzu, kotalikirana ndi khitchini ndi malo otawadhira. Denga la malata pamwamba pa galu ndi ng'anjo. Akhale ndi mbale yakeyake ya madzi yosauma, imene sidzabwereranso m'nyumba. Kumangirira galu padzuwa tsiku lonse kuti akhale waukali ndi nkhanza. Tikumbuke kuti m'hadisi munthu wina anakhululukidwa machimo chifukwa chomwetsa galu waludzu. Mukaona akuwefuka kwambiri, akudzandira, nkhama zafiira, mupititseni pamthunzi n'kumuthira madzi wamba m'mimba ndi m'miyendo. Pamalo pogona pazikhala pouma ndi posesedwa, chifukwa ntchentche ya mphutsi imaikira mazira pa mchenga wonyowa ndi mkodzo, ndipo tiana ta agalu timadzala zithupsa. Kukoceza ndi mankhwala a nkhupakupa ndi a njoka zam'mimba, funsani alangizi a ziweto a m'dera lanu. Osamulola kuzolowera kumwa kumtsinje madzulo. Ng'ona imakonda galu.

Chinthu chimodzi chimene galu wachikuda sangapirire ndi chiwewe. Bungwe la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, ambiri ku Africa ndi ku Asia, ndipo ana ndi ochuluka mwa iwo. Kuno kwathu bungwe la Mission Rabies linayamba katemera wa agalu ambirimbiri ku Blantyre m'chaka cha 2015. Kagalu kabaidwe katemera kakakwana miyezi itatu, ndipo azibwereza chaka ndi chaka. Mwana akalumidwa kapena kukalidwa, tsukani bala ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, kenaka thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale galuyo ndi wapakhomo panu.