Nyali Iitana Usipa, Koma Chogwira ndi Chilimira

Aliyense amene anagonapo m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota pa nthaŵi ya mdima, mwezi usanatuluke, adziŵa chimene chimaoneka pamadzi usiku. Kuyambira ku Sani mpaka ku Liwaladzi ndi ku Dwangwa, nyali zimandanda kutali ngati kuti pamadzipo pamangidwa mudzi. Amenewo ndi asodzi a usipa. Munthu mmodzi, amene anzake amamutcha siginala, amakhala m'bwato ndi nyali zoŵala kwambiri, ndipo usipa poona kuŵalako umasonkhana pansi pa bwato lake. Kale nyalizo zinali za parafini zopopa. Masiku ano ambiri akugwiritsa ntchito mababu oyendera batire. Koma palibe msodzi amene anabwerako ndi nsomba chifukwa cha nyali yokha. Usipa ukasonkhana pamafunika amuna a m'mabwato ena kuti aponye chilimira, azungulize, ndi kukoka onse pamodzi. Akachedwa kapena akakangana, nsomba zimabalalika, usiku wonse n'kupita pachabe.

Tayamba ndi za usodzi popeza zitithandiza kumva bwino nkhani imene makolo ambiri akufunsana m'mipingo yathu, ya zipangizo zatsopano zophunzitsira zimene zikuloŵa m'sukulu za pulaimale. Ena akuti tsopano mavuto a sukulu atha. Ena akuti ana angopita kukaseŵera ndi zidole. Ife tiona kuti onse aŵiri sanalondole kwenikweni.

Chimene chimuchotsa mwana m'kalasi

Pamene Boma linachotsa fizi m'sukulu za pulaimale mu 1994, chiŵerengero cha ana chinakwera m'chaka chimodzi kuchoka pa osakwana 2 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Chinali chinthu chokoma, pakuti ana a amphaŵi analoŵa nawo. Koma aphunzitsi, zipinda ndi mabuku sizinachuluke pa liŵiro lomwelo. Boma lifuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma m'sukulu zambiri kalasi ya Sitandade 1 kapena 2 imapyola ana 100.

Taganizani za mwana wa zaka zisanu ndi ziŵiri amene wakhala kumbuyo kwa kalasi yotere. Bolodi saliona bwino. Buku limodzi akuŵerenga ana angapo, ndipo iye akuliona chozondoka. Mphunzitsi akafunsa funso, a kutsogolo amayankha mokuwa, iye n'kumangotsatira ndi milomo. Tsiku limatha dzina lake lisanatchulidwe. Koma kudooko amamudziŵa dzina. M'maŵa mabwato akamakocheza, amamuitana kuti anyamule nsomba kapena ayanike usipa pa thandala, ndipo dzuŵa lisanafike pamutu ali ndi ndalama m'manja. Nyengo ya mpunga ikafika pali ntchito yoingitsa mbalame. Madzulo pali nyumba zoonetsera kanema pamsika. Tsono mwanayo akayamba kujomba, kenaka n'kuleka, tisafulumire kunena kuti ndi mbuli. Zonse zomuzungulira zikumuitana, sukulu yokha ndiyo ili chete kwa iye.

Funso la zipangizo zatsopano liyambira pamenepa. Kodi pali njira yakuti mwana aliyense, ngakhale wa kumbuyo, amve kuti phunziro likulankhula ndi iye?

Zipangizo m'sukulu si zachilendo

Tisaiŵale kuti Mpingo wathu unakhala wogwiritsa ntchito zipangizo kuyambira pachiyambi. Amishoni atafika ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, anaika sukulu m'midzi kuti anthu athe kudziŵerengera okha Mawu a Mulungu. Makina osindikizira mabuku a ku Nkhoma anali chinthu chodabwitsa m'masiku amenewo, ndipo Buku Lopatulika litatuluka mu 1922, panali kale anthu ambiri odziŵa kuŵerenga olilandira. Agogo athu anayamba kulemba ndi chala pamchenga, pambuyo pake anapatsidwa sileti. Ubwino wa sileti unali wakuti mwana aliyense anali nayo yake. Analemba, nalakwa, nafafaniza, nalembanso, ndipo mphunzitsi poyendayenda anaona dzanja la aliyense.

Dziko litalandira ufulu panabwera wailesi. Mu 1965 Boma linatsegula Malawi Correspondence College, kumene ana amene sanapeze malo ku sekondale ankaphunzira ndi mapepala obwera papositi, ndipo maphunziro ena ankamveka pa wailesi ya MBC. Mu 1987 sukuluyo inasintha dzina kukhala Malawi College of Distance Education. Alipo akulu a mpingo pakati pathu amene anapeza setifiketi yawo m'njira imeneyi, ndipo iwo angachitire umboni kuti amene ankakhoza anali aja okhala ndi wowayang'anira ndi wowalimbikitsa.

Phunziro la Tikwere

Kuyambira mu 2008 ana a makalasi oyambirira anayamba kumva pologalamu ya Tikwere pa MBC, yokonzedwa ndi Unduna wa Zamaphunziro mothandizidwa ndi dziko la America. Sukulu zinalandira mawailesi osalira mabatire ogula, oyendera kupukusa ndi dzanja kapena mphamvu ya dzuŵa. Phunziro lililonse linali la mphindi 30.

Kakonzedwe kake n'koyenera kukaganizira. Mphunzitsi wa pa wailesi sankalankhula yekha kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ankafunsa funso ndi kukhala chete kuti ana ayankhe. Ankapempha mphunzitsi wa m'kalasi kuti alembe chilembo pabolodi, aimiritse ana aŵiriaŵiri, kapena aŵerengetse timiyala. Panali nyimbo ndi maseŵero. Kotero phunziro linali logaŵana: wailesi inadzutsa ana, mphunzitsi nawagwira. Kumene mphunzitsi anatsegula wailesi ndi kutuluka panja, nthaŵi yakukhala chete ija inangodzala phokoso.

Tinaonanso zimenezi mu 2020. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha mliri wa Covid-19, maphunziro a pulaimale anaulutsidwa pa wailesi kuti ana amvere kunyumba. Phunziro linali limodzi dziko lonse, koma linapindulira mwana amene pakhomo pake wina anasunga nthaŵi, namukhazika pansi, namupatsa pensulo. Kumene wailesi inapita ndi bambo kudooko, kapena kumene mwana anatumidwa kukatunga madzi pa ola lomwelo, mawu anangodutsa m'mlengalenga.

Sileti yolankhula

Chipangizo chimene chikutchuka tsopano ndi tabuleti. Si mankhwala ayi, koma kakompyuta kam'manja kofanana ndi sileti msinkhu wake. Maphunziro a m'katimo anakonzedwa ndi bungwe la ku Britain lotchedwa onebillion, ndipo ali m'Chicheŵa. Mwana amavala zomvera m'makutu, ndipo pagalasi pamaoneka mphunzitsi wojambula amene amamusonyeza chilembo kapena nambala, namuuza chochita. Mwanayo amakhudza ndi chala. Akakhoza amadziŵa pompo. Akalakwa amayesanso popanda womuseka. Wofulumira amapita patsogolo, wochedwa amabwereza kufikira atamvetsa. Tabuletiyo silira intaneti, ndipo imadzazidwa moto ndi mphamvu ya dzuŵa, chimene chili chofunika kwa sukulu zathu zambiri zopanda magetsi.

Njirayi inayesedwa mu 2013 pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe. Ana ena anaphunzira masamu pa tabuleti mphindi 30 tsiku lililonse kwa milungu 8, pamene anzawo anapitiriza monga mwa masiku onse. Ofufuza a ku yunivesite ya Nottingham, motsogozedwa ndi Nicola Pitchford, anapeza kuti ana a matabuleti aja anapita patsogolo m'masamu koposa anzawo. Pambuyo pake bungwe la VSO linafalitsa ntchitoyi m'maboma angapo pansi pa dzina lakuti Unlocking Talent. Mu 2019 maphunziro omwewa, atayesedwa m'Chiswahili m'midzi ya ku Tanzania, anapambana nawo mphotho ya dziko lonse yotchedwa Global Learning XPRIZE. Ndipo mu 2023 Unduna wa Zamaphunziro unayamba ndondomeko ya BEFIT m'sukulu 500 zoyamba, ndi cholinga chakuti ana onse a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zonse za pulaimale za Boma afikiridwe. M'cholinga chimenechi muli sukulu zathu za m'mbali mwa nyanja.

Ife tiyamika ntchito imeneyi, ndipo chifukwa chake n'chimodzi. Kwa mphindi zimene mwana wa kumbuyo uja wagwira tabuleti, funso lililonse ndi lake. Sangabisale m'mawu a anzake, ndiponso sangaiŵalidwe. Chimene sileti inkachita pamene ana anali ochepa, chabweranso m'kalasi ya ana 100.

Zimene makina sangathe

Komabe tisatengeke ndi chikomekome cha mkuyu. Tabuleti iphunzitsa mwana amene wabwera. Sipita kudooko kukatenga amene sanabwere. Sidziŵa kuti msungwana uyu akusinza chifukwa anagona ndi njala, kapena kuti mnyamata uyo akunjenjemera ndi malungo. Ingauze mwana kuti yankho lake n'lolakwa, koma singamuphunzitse kunena zoona, kulemekeza akulu, kapena kukhululukira mnzake. Ndipo mwana amakhala nayo kanthaŵi kochepa. Maola otsalawo ali ndi mphunzitsi, choko ndi kope. Ngati chilembo chimene wachikhudza pagalasi sakachilembanso ndi pensulo, nakachipeza m'buku, sichikhazikika.

Palinso za kasamalidwe. Galasi limasweka, batire limatha mphamvu, mchenga ndi chinyezi cha kunyanja zimaononga zipangizo. Choopsa china ndi kuba. Sola ndi batire za pasukulu n'zofanana ndi zimene anthu amazifuna poyatsa nyali ndi potchajitsa mafoni, motero ogula sasoŵa. Wakuba sola imodzi waba phunziro la ana mazana, ndipo wogulayo ndi mnzake m'tchimo.

Makina ndiwo nyali. Amaitana ana, ndipo amaitana bwino. Koma chilimira chili m'manja mwa aphunzitsi, makolo ndi Mpingo.

Mbali yathu

Inu makolo, choyamba ndi kutumiza mwana kusukulu tsiku lililonse, ngakhale tsiku limene usipa wafa wambiri. Ndalama ya m'maŵa umodzi ithera pamsika, koma sabata imene mwana wajomba sibwerera. Madzulo mufunseni chimene waphunzira. Ngakhale inu simunapite patali ndi sukulu, mungamuuze kuti alembe chilembocho pamchenga, kapena aŵerenge nsomba za pa thandala makumimakumi. Pitani ku misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi, mukaone kumene zipangizo zikusungidwa, ndipo mugwirizane ndi mafumu za ulonda wake. Mukaona wina akutsatsa sola kapena tabuleti yosadziŵika kumene yachokera, musagule, ndipo musakhale chete.

Inu aphunzitsi, musaope kuti makina adzakulandani ntchito, ndiponso musawayese mpata wopumulira. Pamene ana ambiri atanganidwa ndi matabuleti, ndiyo nthaŵi yoyendayenda pakati pawo ndi kupeza uja amene chala chake chaima. Mutchuleni dzina. Phunziro lotsatira liyambire pamene tabuleti yalekezera.

Inu anyamata ndi asungwana, ambiri a inu muli ndi mafoni, ndipo mudziŵa kuwagwiritsa ntchito koposa makolo anu. Foni yomweyo ingakusonyezeni kaŵerengedwe ka samu imene yakuvutani, ndipo ingakudyereninso usiku wonse ndi zinthu zopanda pake kapena zonyansa. Azing'ono anu akuona chimene mukuyang'ana. Bwanji magulu a achinyamata m'mipingo yathu osapatula madzulo amodzi pa sabata kuŵerengetsa ana a Sitandade 1 ndi 2 pabwalo la tchalitchi? Sipafunika ndalama, koma anthu ofunitsitsa ndi mabuku oŵerengeka.

Abusa, akulu a mpingo ndi amayi a Chigwirizano, poyendera mabanja m'milaga funsaninso za sukulu ya ana. Aphunzitsi a Sande Sukulu amadziŵa bwino mwana amene wafika zaka khumi koma sangathe kuŵerenga vesi. Asasunge zimenezi mumtima, akambirane ndi makolo ake. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pa Deuteronomo 6:6-7 udindo wophunzitsa ana unaikidwa pa makolo ndi pa banja, ndipo palibe chipangizo chimene chingauchotse pamenepo.

Makolo athu m'chikhulupiriro analandira sileti ndi makina osindikizira, nazigwiritsa ntchito kuti mwana wa m'mudzi atsegule yekha Buku Lopatulika. Zipangizo za masiku ano tizilandire ndi mtima womwewo, moyamika ndi mochenjera. Nyali zayatsidwa ndipo ana akusonkhana. Aliyense agwire chingwe chake, tikoke pamodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga.