Kagulidwe ka Katundu wa Boma mwa Njira ya Agile M'madera Ngati Nsambe

Mvula ikakhazikika, dera la Nsambe m'boma la Neno limakhala kutali kuposa mmene limaonekera pa mapu. Lili kumtunda, m'mapiri oyandikana ndi malire a dziko la Mozambique, ndipo misewu yambiri yofikako ndi yadothi, yokwera zitunda ndi kutsetsereka. Lole imene m'chilimwe imanyamula simenti ndi malata ku Blantyre n'kufika tsiku lomwelo, m'dzinja imatha kugona panjira itatitimira m'matope. Aliyense amene amagula katundu ndi ndalama za boma kudera lotere, kaya ndi komiti ya sukulu, ofesi ya khonsolo kapena komiti yoyang'anira ntchito ya chitukuko, amadziwa kuti dongosolo lolembedwa bwino mu Epulo, pamene chaka cha chuma cha boma chikuyamba, limafika mu Januwale litasokonekera.

Msewu si chinthu chokhacho chimene chimasintha. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti. Wogulitsa amene anapereka koteshoni sabata imodzi zimenezi zisanachitike anatsala ndi zosankha ziwiri, kuluza ndalama kapena kulephera kubweretsa katundu. Ofesi imene inaitanitsa katunduyo inatsala ndi pepala losainidwa bwino lomwe, koma nkhokwe ili mbee.

Mavuto otere ndi amene apangitsa akatswiri a kagulidwe ka katundu m'mayiko ambiri kuyamba kubwereka njira yotchedwa agile, liwu la Chingerezi lonena za munthu wopepuka thupi, wotha kutembenuka msanga. Njirayi inabadwira kwa anthu olemba mapulogalamu a kompyuta. Mu Febuluwale 2001, akatswiri 17 anakumana ku Snowbird m'chigawo cha Utah ku America ndipo analemba mfundo zochepa za kagwiridwe ka ntchito. Iwo anali atatopa ndi ntchito zimene zimakonzedwa zonse pachiyambi, n'kugwiridwa kwa zaka, kenako n'kupezeka pamapeto kuti mwini ntchito akufuna china. Anagwirizana kuti ndi bwino kuidula ntchito m'zigawo zazifupi, kuonetsa mwiniwake zimene zatheka pakutha kwa chigawo chilichonse, ndi kukonza chigawo chotsatira potengera zimene zaphunziridwa.

Pa kagulidwe ka katundu, mfundoyi imamveka bwino ndi chitsanzo chongoyerekeza. Sukulu ya sekondale yogonera pompo kudera la Nsambe imafuna nyemba, chimanga, kabichi ndi mbatata ya kachewere chaka chonse, komanso simenti ndi malata okonzera chipinda chophunziriramo. Kagulidwe kozolowereka n'koitanitsa katundu wa teremu yonse kamodzi, kwa wogulitsa mmodzi wamkulu wa mumzinda. Katunduyo akafika, kachewere amayamba kuola sabata zingapo zisanathe, nyemba zimafumbwa, ndipo ngati thumba lina linali la nyemba zosakanikirana ndi miyala, zimadziwika ndalama zonse zitaperekedwa kale. Chodabwitsa n'chakuti kachewere yemweyo amalimidwa m'mapiri a Neno momwemo. Nthawi zina amatsikira ku Blantyre pa lole ya vendala, n'kubwereranso kumtunda mtengo utakwera.

Mwa njira ya agile, sukuluyo imawerengera ndithu zofunika za chaka chonse, koma imalandira katunduyo mwezi ndi mwezi, kapena pakatha sabata ziwiri zilizonse. Gawo loyamba likafika, woyang'anira nkhokwe ndi wophika amaliyeza pasikelo ndi kuliunika wogulitsayo ali pomwepo. Ngati nyemba zinali zosauma bwino, zimanenedwa tsiku lomwelo ndipo gawo lachiwiri limabwera litakonzedwa. Ngati ophunzira achepa kapena achuluka, kuchuluka kwa gawo lotsatira kumasinthidwa. Cholakwika chimakhala cha matumba asanu osati makumi asanu.

Apa pali chinthu chimene ambiri amachimva molakwika. Agile satanthauza kugula chilichonse pang'onopang'ono. Amatanthauza kugula potsatira zimene zikudziwika panthawiyo. Kwa Nsambe, chodziwika n'chakuti magalimoto olemera amavutika kukwera mvula ikayamba, choncho malata, zitsulo ndi matabwa ziyenera kufika mu Seputembala kapena Okutobala, zonse pamodzi. Simenti ndiye yovuta: ikabwera mochedwa sifika, ikabwera msanga n'kusungidwa pachinyezi imauma m'thumba. Yankho lake silipezeka muofesi ku boma kokha. Limapezeka pamene mmisiri, wosunga katundu, mwini lole ndi wogulitsa akhala pansi limodzi n'kugwirizana kuti maziko ndi zipupa zimangidwe mwezi uti, ndipo matumba angati afike liti.

Kukhala pansi limodziko ndiye mtima wa njirayi. Kagulidwe kakale kamamuona wogulitsa ngati munthu wofunika kumusunga patali, wolankhula naye kudzera m'makalata basi. Koma mlimi wa m'kopaletivi amadziwa mwezi umene kachewere amachuluka ndi umene amasowa. Mwini golosale pamsika amadziwa kuti mtengo wa mafuta ophikira wayamba kugwedezeka. Woyendetsa lole amadziwa mlatho umene madzi amausefukira. Msonkhano waufupi wa mwezi ndi mwezi, kapena kuimbirana foni pa tsiku lokhazikika, umatulutsa nkhani zimenezi nthawi ikadalipo. Nayenso wogulitsa akauzidwa msanga zimene zidzafunike miyezi itatu ikubwerayi, amatha kukonzekera, ngakhale kubzala kumene.

Chida chothandiza pa zonsezi n'chosafuna magetsi kapena intaneti. Ndi bolodi lokhala ndi mizere inayi: zofunika, zoitanitsidwa, zofika, zolipiridwa. Katundu aliyense amalembedwa pakapepala kake ndipo kapepalako kamasunthidwa ntchito ikamayenda. Maganizo amenewa anachokera ku kampani ya Toyota ku Japan, kumene Taiichi Ohno anakhazikitsa makadi otchedwa kanban kuti zipangizo ziziitanitsidwa pamene zikufunika. Pakhoma la ofesi ya mphunzitsi wamkulu, kapepala kamene kakhala pa mzere wa zoitanitsidwa kwa sabata zitatu kamaoneka kwa aliyense wolowa, kuphatikizapo makolo a m'komiti.

Komabe ndalama za boma zili ndi malamulo ake, ndipo agile sachotsapo ngakhale limodzi. Lamulo la kagulidwe ndi kagulitsidwe ka katundu wa boma la 2017 ndi limene linakhazikitsa bungwe la PPDA, lomwe limayang'anira ntchitoyi m'dziko muno. Ofesi iliyonse yogula imayenera kukhala ndi dongosolo la zogula la chaka, ndipo zogulazo zimavomerezedwa ndi komiti ya kagulidwe ya m'ofesimo. Pogula kudzera m'makoteshoni pamafunika ogulitsa osachepera atatu. Koposa zonse, n'koletsedwa kuphwanya ntchito imodzi yaikulu kukhala tizidutswa ndi cholinga chothawa tenda kapena kuzemba chilolezo cha akuluakulu.

Munthu angafunse kuti kulandira nyemba mwezi ndi mwezi kukusiyana pati ndi kuphwanya ntchito koletsedwako. Kusiyana kwake kuli pa mpikisano. Wozemba lamulo amabisa kukula kwenikweni kwa ntchito, n'kumagula kachidutswa kalikonse kwa amene wamukonda. Wotsata agile moona amalengeza poyera kuchuluka kwa katundu wa chaka chonse, amatsata njira yogulira yoyenera mtengo wonsewo, ndipo wopambana amasaina mgwirizano umodzi wonena kuti katundu aziperekedwa m'zigawo. Mu mgwirizano womwewo mumalembedwa mtundu wa katundu wovomerezeka, masiku obweretsera, zochitika katundu akakanidwa, ndiponso ngati mtengo ungaunikidwenso ndi njira yake. Chimene chagawidwa ndi kabweretsedwe ka katundu. Mpikisano unachitika kamodzi, pa ntchito yonse, anthu onse akuona.

Choopsa china ndi kuzolowerana. Anthu okumana mwezi uliwonse amasanduka abwenzi, ndipo m'dera limene wogulitsa angakhale mlamu wa wapampando wa komiti, katangale salowa ndi phokoso. N'chifukwa chake zokambirana zilizonse ziyenera kulembedwa ndi kusainidwa, msonkhano usakhale wa anthu awiri okha, ndipo amene ali ndi chibale kapena gawo mu bizinesi ya wogulitsa aulule ndi kutuluka pamene nkhaniyo ikukambidwa. Tenda isanatsekedwe, uthenga woperekedwa kwa wopikisana mmodzi uperekedwe kwa onse. Wolandira katundu asakhale yemwe anamuitanitsa. Amene waona zokayikitsa ali ndi ufulu wokanena ku PPDA kapena ku bungwe lothana ndi katangale la ACB.

Pali mzere umodzi pa bolodi lija umene umayesa ofesi yogula osati wogulitsa: wa zolipiridwa. Kampani yaikulu ikhoza kudikira malipiro miyezi ingapo. Kopaletivi ya alimi a kachewere singathe, chifukwa mamembala ake akudikira ndalama yomweyo kuti agule feteleza ndi kulipira fizi. Gawo loyamba likachedwa kulipiridwa, lachiwiri amaligulitsa kwa vendala wa ndalama pamanja, ndipo palibe angawadzudzule. Choncho ofesi isaitanitse gawo limene ndalama zake sizinafike, ndipo ndalama za boma zikachedwa, wogulitsa auzidwe asanakumbe mbatata yake.

Mu 2020 boma linakhazikitsa lamulo lopereka mpata kwa mabizinesi ang'onoang'ono ndi apakati pa ntchito zogulitsa katundu ku boma, ndipo kuperekera m'zigawo kumagwirizana nalo, popeza gulu limene silingakwanitse matumba mazana nthawi imodzi limatha kukwanitsa makumi awiri pamwezi. Alimi ndi amalonda a ku Nsambe ofuna kutenga nawo mbali ayenera kulembetsa bizinesi kapena kopaletivi yawo, kukhala ndi nambala ya msonkho ya ku MRA, kulembetsa ku PPDA ngati ogulitsa, ndi kutsegula akaunti kubanki m'dzina la gululo. Mapepala amenewa amatenga nthawi, ndipo ndi bwino kuwayamba chaka cha chuma chisanatsegulidwe pa 1 Epulo.