Intaneti ya Pakhomo: Kodi Ayambe Kutunga Ndani?

Ku Mabvuku ndi ku Tafara, kum'mawa kwa mzinda wa Harare, kumene kumakhalanso mabanja ambiri amene makolo awo anachokera ku Malawi, anthu anazolowera kuima pamzere pamjigo chifukwa mipopi imauma kawirikawiri. Aliyense akudziwa kuti pamjigo popanda dongosolo, wa migolo ikuluikulu amangotunga, wa ndowa imodzi n'kubwerera chimanjamanja. Vuto lomweli tsopano lalowa m'nyumba, koma chotungidwacho ndi intaneti.

M'madera ngati amenewa nyumba imodzi imasunga mwininyumba ndi mabanja angapo a lendi. Ena amasonkherana ndalama n'kulipira rauta imodzi, kaya ya TelOne, Econet, Liquid kapena Starlink, imene inaloledwa m'dzikoli mu 2024. Masana zonse zimayenda bwino. Madzulo, achinyamata akayamba kuonera mpira, mayi wogulitsa tomato ku Mbare Musika amalephera kumvana pa WhatsApp ndi mlimi wa ku Mutoko amene amamutumizira katundu. Mawu amadukaduka, mtengo osagwirizana, ndipo lole imanyamuka popanda mabokosi ake.

Chodabwitsa n'chakuti mayiyu safuna zambiri. Kulankhula pa WhatsApp sikudya ngakhale 1 MB pa mphindi, pamene kanema wooneka bwino kwambiri angathe kudya 3 GB pa ola limodzi. Kanema akachedwa pang'ono palibe chimaonongeka, chifukwa foni imakhala itasungiratu zithunzi zakutsogolo. Koma mawu akachedwa ngakhale ndi theka la sekondi, kukambirana kumasokonekera.

Marauta ambiri ali ndi gawo lotchedwa QoS limene limagwira ntchito ya woyang'anira mzere. Woyendetsa rauta amalowamo polemba adiresi imene imakhala pansi pa chipangizocho, nthawi zambiri 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1. Mmenemo angasankhe foni ya bizinesi ndi kompyuta ya mwana wasukulu kuti zizitsogola, ndipo angaike malire pa wailesi ya kanema. Ngati rautayo ilibe QoS, ina imalola kutsegula netiweki ya alendo n'kuichepetsera liwiro.

Palinso mbava zosaoneka. Mafoni amatumiza okha zithunzi kokasungidwa ndiponso amakoka mapulogalamu atsopano mwiniwake asakudziwa, choncho ndi bwino kuwauza kuti azichita zimenezi usiku kapena akalamulidwa. Kuonera kanema pa 480p m'malo mwa 1080p kumasiyira ena mpata waukulu. Mawu achinsinsi nawonso ayenera kusinthidwa pafupipafupi, chifukwa akangofika kwa mnansi mmodzi, mawa lake amakhala atafika msewu wonse.

Komabe makina sangathetse nkhani imene anthu sanaikambirane. Mwininyumba akangodziika patsogolo mwakachetechete, a lendi amene amalipira mofanana naye adzaona kuti akuberedwa, ndipo msonkhamsonkha udzatha. Apa ndi pamene alangizi a m'madera angathandize: kukhazika pansi onse osonkha, kulemba ntchito zimene zimabweretsa chakudya, maphunziro ndi thanzi, ndi kugwirizana maola a zosangalatsa. Pangano likamveka, kusintha rautayo ndi ntchito ya mphindi zochepa chabe, ndipo tomato wa ku Mutoko amafika ku Mbare m'bandakucha mtengo wake utadziwika kale.