Chipilala cha mtsogoleri kwawo: chimaimikidwa bwanji?

Ku Mtunthama m'boma la Kasungu kuli mtengo wa kachere womwe mumthunzi mwake Hastings Kamuzu Banda ankaphunzirira zilembo ali kamnyamata. Atakhala mtsogoleri wa dziko anamanga Kamuzu Academy pafupi pomwepo, sukulu yomwe inatsegulidwa mu 1981. Ku Nkhotakota nako kuli mtengo womwe David Livingstone anakambirana pansi pake ndi Jumbe za malonda a ukapolo. Mitengo iwiriyi ikudziwika lero chifukwa panapezeka anthu amene anasunga nkhani yake ndi kuikapo chizindikiro.

Nanga anthu a ku Senga Bay atafuna kukumbukira mtsogoleri wochokera kwawo, kaya ndi mfumu, mphunzitsi kapena wandale, ayambire pati?

Choyamba ndi kudziwa kuti njira zilipo ziwiri. Anthu angathe kusonkherana n'kuimika chipilala chawo, bola akhale ndi chilolezo cha eni malo ndi cha khonsolo. Koma kuti malo akhale otetezedwa ndi boma, pamatsatidwa lamulo la Monuments and Relics Act la 1990. Lamuloli limapatsa nduna yoona za chikhalidwe mphamvu yolengeza kuti malo akutiakuti ndi otetezedwa, itamva malangizo a bungwe la alangizi lomwe lamulo lomwelo linakhazikitsa. Chilengezocho chimatuluka m'gazeti ya boma. Ntchito ya tsiku ndi tsiku, monga kukaona malowo ndi kufufuza mbiri yake, imagwiridwa ndi akatswiri a ku nthambi ya boma yosamala zipilala ndi zinthu zakale.

Njira zonse ziwiri zimayambira pa umboni. Kungoti "agogo ankatero" sikokwanira, komabe mawu a agogowo ndi poyambira pabwino. Khalani pansi ndi akuluakulu angapo, aliyense payekha, muwajambule pa foni ndi kulemba zomwe anena. Kenaka yerekezani ndi zolembedwa: mabuku a ubatizo a ku mishoni, kaundula wa sukulu, zomwe akukumbukira a ku mzikiti, ndiponso makalata a nthawi ya atsamunda omwe amasungidwa ku National Archives ku Zomba. Ngati maumboni akusemphana pa chaka chobadwa, ndi bwino kulemba kuti "cha m'ma" kusiyana ndi kugoba bodza pa mwala. Chitsanzo cha kufunika kwa mawu a akuluakulu chili pafupi: kuyambira zaka za m'ma 1950, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi pa chilumba cha Mbenje m'nyengo ya dzinja kuti nsomba ziswane. Asodzi achikulire amene anaona chiyambi cha lamulolo akutha, ndipo wofuna kulemekeza amene analiyambitsa ayenera kuwafikira msanga.

Chachiwiri ndi malo. Dothi lambiri la m'midzi ndi la makolo, choncho nkhani imayamba kwa nyakwawa, ipite kwa gulupu, ikafike kwa Mfumu Yaikulu Maganga, yomwe Senga Bay ili m'dera lake. Banja la wolemekezedwayo lifunsidwe poyambirira penipeni, maka ngati malowo ali pafupi ndi manda. Kumbali ya chitukuko, pempho lidutse ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), lipite ku komiti ya chitukuko ya dera (ADC), kenaka khansala alitengere ku khonsolo ya Salima. Kalata yopita ku nthambi yosamala zipilala ija imakhala ndi mphamvu ikakhala ndi chidindo cha mfumu ndi cha bwanamkubwa wa boma, pamodzi ndi zithunzi ndi mbiri yolembedwa bwino.

Musanapemphe chitetezo cha boma, dziwani kuti chili ndi udindo wake. Malo akalengezedwa, palibe amene angagumule, kusuntha, kukumba kapena kusintha chilichonse popanda chilolezo, ngakhale mwini munda amene. Wophwanya lamuloli angathe kuimbidwa mlandu kukhoti. Ku Senga Bay, komwe malo a m'mbali mwa nyanja akugulidwa ndi omanga malo ogona alendo, mfundoyi ikambidwe poyera anthu asanavomere.

Pomanga, ganizirani za nyanja. Mu 2024 madzi anakwera mpaka kulowa m'nyumba zambiri za m'mphepete, ndiye chipilala chikhale pamtunda, pa maziko a miyala, osati pamchenga. Chitsulo chimachita dzimbiri ndipo chimakopa ogula zitsulo zakutha. Mawu ogoba pa mwala kapena pa simenti amakhalitsa. Akhale ochepa: dzina, zaka, mudzi, ndi ntchito yomwe munthuyo anagwira. Alembedwe m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndipo Chingelezi chiwonjezedwe chifukwa cha alendo odzacheza kunyanja. Makaka a chipani kapena dzina la amene wapereka simenti zisaphimbe dzina la mwini chikumbutso, poti maboma amasintha.

Tsiku lovundukula chipilala lisanafike, pasankhidwe anthu olambula ndi kuyang'anira malowo, ndipo sukulu yapafupi ipatsidwe mbiri yonse yomwe munasonkhanitsa. Mwala umanyamula mizere isanu yokha. Zotsalazo adzazinena ndi mwana amene anaziphunzira m'kalasi, mlendo akadzaima n'kufunsa kuti, "Kodi ameneyu anali ndani?"